M50, M52 kapena V8 ya Lexus: injini ndi masipuling'i oyenera BMW E30

Injini ya M20 ikatopa mu BMW E30 325i, galimoto ija ku South Africa amaitcha Gusheshe, mwini wake ali ndi njira zitatu: kuikonzanso, kuikamo injini ya BMW ya mavalavu 24, kapena kulowetsa V8 ya Lexus. Zonse n'zotheka, koma thumba silipweteka mofanana, ndipo galimoto yotulukapo imayenda mosiyana.

Kukonzanso M20 ndiye njira yachidule. Ndi ya malita 2.5, mavalavu 12, mphamvu pafupifupi 170 hp, ndipo palibe chodula kapena chowotcherera. Chofooka chake ndi lamba wa timing. Akaduka, mapisitoni amamenya mavalavu n'kuwapinda, choncho asapitirire zaka zinayi, ndipo asinthidwe pamodzi ndi tensioner ndi water pump. Amene ali ndi 325iS yeniyeni ya malita 2.7, yopangidwa ku fakitale ya BMW ya ku Rosslyn ku South Africa, asaganize n'komwe zosintha injini. Mtengo wa galimotoyo uli mu injini yakeyo.

Kwa ena onse, mpikisano weniweni uli pakati pa M50B25 ndi M52B28. M50 imachokera mu ma BMW ena, E36 325i kapena E34 525i: 192 hp, 245 Nm, buloko yachitsulo, tcheni m'malo mwa lamba. M52B28 ya mu E36 328i ili ndi 193 hp, koma 280 Nm, ndipo kusiyanako kumamveka msanga pokwera chitunda pa giya yachinayi. Yambiri ili ndi buloko ya aluminiyamu, yopepuka kutsogolo, koma siipirira kuwira: ikangotentha kwambiri, mabawuti a hedi amazula mazinga awo m'buloko. Zoyambirira zinali ndi masilinda okutidwa ndi Nikasil, amene ankadyeka ndi petulo wa salifa wambiri, choncho osagula musanayeze compression. Vuto lina ndi EWS, loko wa pa kompyuta amene amakaniza injini kulira popanda kiyi yake. Ayenera kuchotsedwa mu ECU, kompyuta yoyendetsa injini. M50 yakale ilibe zonsezi, n'chifukwa chake ndi imene tingalangize munthu wodalira makaniko wamba. Wofuna ubwino wa injini zonse ziwiri amatenga M52B28 n'kuiveka intake manifold ya M50, yomwe ili ndi mipita ikuluikulu ndipo imatsegula mphamvu injini ikakwera pamwamba pa 5,000 rpm.

Zofunika poika n'zofanana pa ziwirizi. Sampu ya E36 ili ndi chimimba chake kumbuyo ndipo imagunda crossmember, chitsulo chopingasa pansi pa injini, choncho pamafunika sampu ya E34 525i, pamodzi ndi paipi yake yokoka oyilo ndi dipstick yake. Sampu ili chotsegula choncho, mangani ndi waya nati ya pa oil pump. Imamasuka yokha, oyilo n'kusiya kuzungulira, injini n'kugwira. Mikono yogwira injini ndi ya E36, marabala ake a E28 535i. Intake manifold imakhudza booster ya mabuleki, ndiye ambiri amaika yaing'ono ya Porsche 944 kapena Renault Clio. Pa galimoto za chiwongolero cha kumanja, monga za kwathu, za ku South Africa ndi ku Britain, pali vuto lina limene olemba a ku America satchula: ekizozi imatulukira mbali yomwe kukudutsa ndodo ya chiwongolero. Manifold ayenera kudulidwa ndi kuwotchereredwanso, ndipo mpata ukachepa, kutentha kumaphika rabala ya pa joini ya ndodoyo. Fani ya pa injini silowa chifukwa malo palibe. Ikani yamagetsi kutsogolo kwa rediyeta. Mawaya ndi kugwirizanitsa pulagi ya X20 ya E36 ndi C101 ya E30, ntchito ya munthu wodekha amene ali ndi mapu a mawaya m'manja, osati wolumikiza poyang'ana mtundu wa waya.

Pa giyabokosi ndi pomwe ambiri amadzanong'oneza bondo. Getrag 260 ya 325i imamangika ku M50, koma imapendekeka pafupifupi madigiri 10, ndiye crossmember yake ndi ndodo ya magiya ziyenera kusinthidwa. ZF ya 328i imakhala bwino ndipo ndi yolimba, koma giya yake yachisanu ndi 1:1 pomwe ya Getrag 260 ndi 0.81. Mukasiya difu ya 3.64, pa 120 km/h injini izilira pafupifupi 3,800 rpm m'malo mwa 3,100. Phokoso, komanso petulo, amene masiku ano sitingamuseweretse. ZF imafuna difu ya 3.25 kapena 2.93.

Nanga V8? 1UZ-FE ya mu Lexus LS400 ndi Toyota Celsior ndi ya malita 4.0, yoyamba ija inali ndi 250 hp ndi 350 Nm kapena kupitirira pang'ono, ndipo siifa wamba. Poti ndi ya aluminiyamu, kulemera kwake sikutalikirana ndi M50. Anyamata ozungulitsa galimoto ku Johannesburg amaikonda, ndipo makompyuta oyendetsa injini monga Spitronics ndi Dicktator amapezeka komweko. Koma palibe chimene chimangolowa. Inkatuluka ndi giyabokosi ya otomatiki yokha, ndiye manyuwale imafuna adapter plate, flywheel ndi kilatchi zochita kupangitsa. Mamawunting'i, propshaft ndi ekizozi yonse n'zopanga pamanja, booster imasamutsidwa, ndipo sitata ili pansi pa intake manifold: isintheni injini idakali pansi. Difu yaing'ono ya 168 mm ya 316 ndi 318i siipirira mphamvu imeneyi; pakufunika ya 188 mm. Wofuna utsi wa matayala atenge 1UZ. Wofuna galimoto yokhota bwino pa msewu wokwera ku Zomba Plateau, yomwe sipeya zake zili pa shelefu ya BMW, atenge M50 kapena M52.

Injini iliyonse mwa izi ndi ngozi pa miyendo yotha, ndiye ndalama zoyamba zipite pansi. Yambani ndi marabala: mabushi a control arm, a subframe yakumbuyo, a trailing arm, ndi mipando ya mashoko akumbuyo, yomwe imang'amba bodi ikapanda kulimbitsidwa ndi timapuleti. Mabushi opendekera a E30 M3 amawonjezera caster, chiwongolero n'kumabwerera chokha bwino. Ngati galimoto inali ya masilinda anayi, ma strut ake ndi a 45 mm ndipo kumbuyo nthawi zambiri kuli madiramu. Samutsani a 51 mm a 325i, madisiki a 260 mm kutsogolo, ndi madisiki kumbuyo.

Kenako kusankha: masipuling'i a Eibach kapena H&R ndi mashoko a Bilstein B8 kapena Koni, kapena ma coilover, omwe ndi shoko ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi. B8 ndi yaifupi, yopangira masipuling'i otsitsa. Bilstein B6 ndi ya galimoto yosatsitsidwa, osazisokoneza. Ma coilover amalola kusintha msinkhu, koma kutsogolo ambiri amafuna kudula strut ndi kuwotcherera, ndipo otchipa amauma ngati ngolo, tayala n'kumadumpha m'malo mogwira msewu. Pa misewu yathu masipuling'i ndi mashoko abwino amapambana. Musatsitse kupitirira 30 kapena 35 mm. Kumbuyo kwa E30 kuli semi-trailing arm yopanda posinthira, ndiye ikatsika kwambiri matayala amapendekera mkati n'kudyeka mbali imodzi, pokhapokha muwotcherere ma adjuster pa subframe. Kutsogolo, sampu ya E34 ndi ya aluminiyamu ndipo imakhala patsogolo pa crossmember. Dzenje limodzi kapena hampu yaitali imaiswa, oyilo yense pansi. Chitsulo choteteza sampu chiikidwe tsiku lomwelo.

Rack ya chiwongolero ya E36 imachepetsa kupota chiwongolero kuchokera mbali ina mpaka ina, kuchoka pa kanayi kufika pafupifupi katatu, ndipo nthawi yabwino yoiika ndi injini isanalowe, pomwe mukuyeza mpata wa ekizozi. Pogula injini sungani risiti yolembedwa nambala yake, chifukwa a Road Traffic ndi a inshuwalansi adzaifuna posintha mapepala, ndipo ku South Africa apolisi amayamba aiona kaye.