Oxford Learner's Dictionaries pa mawu akuti "considerate"

Tsamba la pa intaneti la Oxford Learner's Dictionaries ndi laulere ndipo limathandizadi pa mawu ngati "considerate". Tanthauzo lake ndi munthu woganizira ena, monga amene amatsitsa wailesi usiku kuti oyandikana naye agone. Si chimodzimodzi ndi waulemu, chifukwa munthu angathe kugwada popereka moni koma osasamala zosowa za mnzake.

Chokoma kwambiri ndi tizizindikiro tiwiri ta sipika, kena ka katchulidwe ka ku Britain, kena ka ku America. Dinani mumvetsere: mphamvu ili pa "si", ndipo mathero amamveka mwachidule ngati "rət", osati "reit" monga ambiri amatchulira. Ziganizo zachitsanzo zimaonetsanso kuti poyamikira zimene wina wachita mumati "considerate of you", osati "for you".

Samalani ndi "considerable", amene amatanthauza chochuluka. Kulemba kuti abwana anu ndi "considerable" n'kulakwitsa kochititsa manyazi m'kalata.

Chovuta n'chakuti matanthauzo onse ali m'Chingerezi, Chichewa mulibe, choncho wongoyamba kumene amavutika. Zotsatsa malonda nazo zimadya bandulo.