Amisiri osintha masimoka pa Luchenza: ntchito ndi yaukhondo koma musagone nyama ili mkati

Pa Luchenza pali kashopu ka anyamata awiri a zamagetsi, aja okonza ma hotplate, maayironi ndi mamota a zigayo, ndiye masiku ano ayambanso kusintha masimoka a magetsi owambira nyama. Dzina la shopu ndalisunga poti zina zomwe ndinene apa sizokoma kwenikweni. Simoka yanga ndi yachikale yochokera ku Joni, thermostat yake yosunga mlingo wa kutentha inafa kalekale, iwo anachotsa n'kuika kabokosi kowongolera kutentha kotchedwa PID kokhala ndi manambala owala, ka waya kopima kutentha kamtundu wa K kaja amati thermocouple, ndi SSR, swichi yomwe imayatsa n'kuzimitsa elementi, chitsulo chija chotenthetsa mkati.

Zikamayenda bwino, eeh, ndi zabwino zedi. Ukatchera pa madigiri 110 imakhala pomwepo, mwina kusuntha ndi digiri imodzi kapena ziwiri basi, olo kunja kuli chiperoni chija cha mu June choti zala zimachita kuuma. Nthiti za nkhumba zimatuluka zofewa, fupa kumangosololoka lokha. Mawaya anamanga mwaudongo, waya wa earth anaumangirira pa chitsulo cha simoka ndi bawuti osati kungopotokola ngati amachitira ena, ndipo anandikaniza okha kuti ndisagwiritse ekistenshoni zopyapyala zija za pamsika. Elementi yanga ndi ya 1500W, pa magetsi athu a 230V imakoka ma amp pafupifupi 6.5, kwa maola ambirimbiri chingwe chonyozeka chimafunda mpaka kusungunuka. Apa ndawapatsa ulemu.

Vuto ndi loti chitetezo chonse anachisiya m'manja mwa SSR imodzi yokhayo, ndipo anaimata pa pulasitiki mkati mwa kabokosi kotseka opanda chitsulo chochotsa kutentha chija amati heat sink. SSR imafunda ikamagwira ntchito, pafupifupi watt imodzi pa amp iliyonse, ndiye ikasowa kopumira imapsa. Choipa chake n'choti nthawi zambiri ikafa siifera kuzima, imafera kuyaka. PID imalamula kuti zima, kagetsi kofiira ka pa SSR kamathimadi, koma elementi imangopitiriza kuwotcha ngati minibasi yoduka mabuleki pa mtsetse wa ku Thyolo. Zinandichitikira mwendo wa mbuzi uli mkati, manambala akungokwera kudutsa 150 pomwe ndinatchera 110, utsi wasintha kuchoka woyera uja n'kukhala wakuda wonunkha mafuta opserera, penti ya pachitseko yayamba kutupa timatuza.

Zikatere musataye nthawi ndi mabatani a kabokosi. Kazimitseni pakhoma n'kuzula pulagi, chifukwa swichi yomwe anyamatawa amaika kutsogolo imangodula magetsi opita ku PID, elementi imakhala ikadali ndi moto kudzera mu SSR yakufayo. Ndipo ngati mukuona kuti mafuta agwira moto mkati musatsegule chitseko, mpweya ukalowa lawi limakubudukirani kumaso. Tsekani timabowo ta mpweya tonse, moto uzima wokha. Madzi ayi ndithu, pa mafuta oyaka ndi magetsi madzi amangowonjezera ngozi.

Nanga nyama ija mutaye? Ayi, zimatheka kumaliza pamanja bola muli ndi themomita ina yapadera yosadalira kabokosi. Simoka ikazizirako mumayatsa pakhoma, ikafika cha m'ma 120 muzimitse, ikatsikira ku 105 muyatsenso, choncho choncho mpaka nyama ipse. Ndi ntchito yotopetsa ndipo muyenera kukhala pompo pa mpando, osati kupita kukaonera mpira kwa aneba. Mbale ya madzi otentha mkati imathandiza kuti kutentha kusamalumphe kwambiri, komanso thireyi yolandira mafuta ikhale pakati pa nyama ndi elementi. Amene mukuona kuti simungakwanitse, ingosamutsirani nyamayo mu uvuni kapena pa mbaula, utsi umakhala utalowa kale m'maola oyambirira aja.

Kufa kwina ndi kwa thermocouple. Kakasololoka n'kumalendewera kunja kapena kukhudza nyama yozizira, PID imaganiza kuti mkati mukuzizira ndiye imathira moto wonse, manambala akuonetsa 60 pomwe mkati muli ng'anjo. Ichi n'chifukwa chake themomita yachiwiri ija siyokambirana. Yanga ndi yotchipa yobaya pa nyama, ndimaiyesa m'madzi owira, kuno kumtunda madzi amawira pansi pang'ono pa 100 ndiye ikaonetsa 97 kapena 98 musadabwe.

Kwinaku ndiye kuzizira, magetsi akathima pakati pa ntchito, zomwe sizachilendo kwathu kuno. Majeremusi amaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye nyama yomwe mkati mwake sinadutse 60 isakhale mu simoka yozima kupitirira maola awiri, yatsani makala msanga. Nkhuku ifike 74 pantchafu penipeni osakhudza fupa, soseji ndi nyama yogaya 71, nthuli ya nkhumba kapena ya mbuzi 63 n'kuisiya ipume mphindi zitatu. Mtundu wa kunja usakunamizeni, utsi umadetsa nyama msanga mkati muli mwazi.

Nditabwerera ndi simoka ija ku shopu sanakane mlandu, wamkuluyo anangoti "pepani bwana, heat sink tinalibe tsiku lija, timafuna musabwerere chabe." Chilungamo chake ndinachikonda koma zikanakhala bwino akananena poyamba. Anaika SSR ina pa heat sink kunja kwa bokosi, ndipo nditaumirira anawonjezera contactor, swichi yamphamvu yodula magetsi, yolumikiza ku thermostat ina yapayokha ya uvuni wakale, yoti kutentha kukadutsa 150 imadula magetsi onse opita ku elementi kaya PID ikuti chani. Anaikanso ka knob ka hotplate kaja kozungulira 1 mpaka 6 ndi swichi yosankhira, kuti kabokosi kakafa ndizitha kuchepetsa moto pamanja osachita kuvina ndi pulagi. Izi amazidziwa bwinobwino, kungoti saika pokhapokha mwini wake wafunsa, ati makasitomala amathawa mtengo ukakwera. Zipangizo amakatenga ku Limbe ndiye pamakhala kudikira, komanso risiti mpaka uchite kuipempha.

Ndinaona pakhonde pawo firiji yakale yomwe wina anabweretsa kuti aisandutse simoka, pulasitiki ya mkati ndi thovu lake zikadali momwemo. Ine nyama yochokera mmenemo sindingadye, zinthu zimenezo zikatentha zimatulutsa utsi wapoizoni, chimodzimodzi malata ndi mashelefu a galvanised akayandikana ndi elementi. Ndinawauza, anati amuuza mwini wake, kaya.

Pa nkhuni sakudziwa zambiri, wamng'onoyo anandilangiza utuchi wa paini wa kwa akalipentala poti ngwaulere. Musayerekeze, paini ali ndi utomoni, nyama imawawa komanso mwaye wake umamata m'makoma n'kudzayaka tsiku lina. Mango, gwafa, peyala zouma bwino ndi zomwe zimakoma, ndipo kuno ku Thyolo makoko a makademiya amapezeka, utsi wake ndi wofatsa bwino pa nkhuku.

Ndingawatumizire munthu? Eya, koma apite atalemba papepala: heat sink, contactor ndi thermostat yachiwiri, swichi yodula elementi yeniyeniyo, ndipo ayese zonse pamaso pake asanalipire. Kuyesa kwake n'kosavuta, auzeni alumphitse SSR ndi waya simoka ili yopanda kanthu, muone ngati contactor igwetsa yokha ikafika pa malire. Simoka muziikanso pansi pa denga pouma, kutali ndi udzu ndi khoma la matabwa, poti kabokosi kawo mvula yowaza ya kuno imalowa m'mbali mwa manambala muja.