Ndinkafuna kuwasiya chifukwa cha mchere, koma ndi iwo amene anapeza amayi atagwa

Ndemangayi ndinayamba kuilemba miyezi iwiri yapitayo ndili ndi mkwiyo, ndipo ndikanaitumiza nthawi imeneyo bwenzi ndikulangiza aliyense amene ali ndi kholo lokalamba kuti asalembetse ku bungwe limeneli, limene limaperekera okalamba chakudya m'nyumba zawo. Madandaulo amene ndinalemba poyambapo sindinawafufute, chifukwa ndi oona ndipo ena mwa iwo akadalipobe, koma pakatipa panachitika chinthu chimene sindingachibise ngati ndikufuna kunena mwachilungamo.

Amayi anga ali ndi zaka 83, amakhala okha chimwalirireni bambo, ndipo miyendo yawo siwalolanso kuima nthawi yaitali pophikira. Ali ndi matenda a shuga komanso othamanga magazi. Ine ndimagwira ntchito kutali, ulendo wa maola asanu, ndipo mlongo wanga ali kutali kuposa pamenepo. Kusamuka anakanitsitsa, ndipo aliyense amene anayesapo kunyengerera kholo kuti lichoke m'nyumba imene lakhalamo zaka zoposa 40 akudziwa mmene zokambirana zotere zimathera. Choncho tinawalembetsa ku bungwe la m'dera lawo limene limaphika ndi kukasiya chakudya cha masana kwa okalamba osatha kutuluka m'nyumba, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Lachisanulo amasiyanso zakudya ziwiri zoika m'firiji kuti adye Loweruka ndi Lamlungu. Za mtengo sindidandaula, ndi womwe uja aliyense amalipira pa sabata, ndipo n'zodziwikiratu kuti pakadapanda opereka thandizo ndi anthu odzipereka, ndalama imeneyo sikanakwanira ngakhale mafuta a galimoto.

Mkangano wanga ndi iwo unayambira pa fomu. Tsiku lolembetsa anandipatsa fomu ya masamba atatu, ndipo ndinaidzaza mosamala: mchere ukhale wochepa, asaike zotsekemera, ndipo chakudya chizifika isanakwane 1 koloko masana. Za nthawizi sindinalembe mongodzikonda. Amayi amamwa gliclazide m'mawa, mankhwala amene amachititsa kuti thupi litulutse insulin yochuluka, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kapena ayi, kotero kuti chakudya chikachedwa shuga amatha kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka maganizo. Sabata yoyamba ndinali patchuthi kwa amayi ndipo ndinalawa ndekha chimene chinabwera. Msuzi unali wowawa mchere, ndipo pambali panali kachakudya kotsekemera kotsirizira, kamene amayi anadya konse chifukwa m'badwo wawo sutaya chinthu chimene munthu wakubweretsera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene sadzaza n'komwe supuni yaing'ono, ndipo kwa munthu wothamanga magazi malire amenewa si oseweretsa.

Nditaimba foni ku ofesi, mayi amene amayankha anandiuza kuti, "Bambo, ife timaphikira anthu ambiri, sitingakhale ndi mphika wa munthu aliyense." Ndinawafunsa chifukwa chimene anatipatsira fomu yofunsa za matenda ngati zolembedwamo sizifika kukhitchini, ndipo anangoti apereka uthengawo. Ndinaimba katatu m'mwezi umodzi, ndipo katatu konse yankho linali lomwelo, lonenedwa ndi mawu a munthu amene watopa nawe usanamalize kulankhula. Ndivomereze kuti kuyambira pamenepo chilichonse chimene bungwelo linkachita ndinkachiona ndi diso loipa chifukwa cha mayi ameneyu.

Kawiri chakudya chinafika 2 koloko itadutsa, chili chofunda chabe, pamene malangizo a ukhondo wa zakudya amati chakudya chophika chizisungidwa chotentha kupitirira madigiri 60 ndipo chisakhale pamtunda maola oposa awiri, makamaka kwa okalamba amene matenda otsekula m'mimba amawafooketsa msanga. Koma chimene chinandikwiyitsa koposa chinachitika tsiku lina pamene wobweretsa wa masiku onse sanabwere, ndipo mnyamata amene analowa m'malo mwake anangoika chakudya pakhonde n'kumapita osagogoda. Amayi anachipeza cha m'ma 4 koloko chitazizira, atakhala tsiku lonse akudikirira pampando. Usiku umenewo ndi pamene ndinayamba kulemba ndemangayi, ndipo ndinauza mlongo wanga kuti mwezi ukatha tisiye.

Mwezi usanathe, Lachiwiri lina m'bandakucha cha m'ma 4 koloko, amayi anadzuka kupita kubafa, phazi linakodwa pa kapeti, ndipo anagwa pakati pa bafa ndi chipinda chogona. Foni yawo inali patebulo la pafupi ndi bedi, mamita ochepa chabe, koma dzanja lamanja linali litathyoka pamkono ndipo chiuno chinkapweteka moti sanathe kukwawa kapena kudzikoka. Anafuula mpaka mawu anatha. Ine ndinaimba cha m'ma 8 koloko monga ndimachitira, foni inalira osayankhidwa, ndipo ndinadziuza kuti aisiyanso kuchipinda ali pabalaza, chifukwa zimenezi zinkachitika kawirikawiri. Ndinalowa mumsonkhano wa kuntchito ndili ndi maganizo oti ndiimbanso madzulo. Chimenechi chimandipwetekabe mumtima, ndipo ndikuchilemba kuti wina amene ali kutali ndi kholo lake asadzachite monga ndinachitira ine.

Wobweretsa chakudya wa Lachiwiri ndi Lachinayi ndi mayi wina wodzipereka, wosalandira malipiro, amene amayi amamutchula kuti mwana wanga ngakhale kuti nayenso ali ndi zidzukulu. Anafika 12 koloko itangodutsa pang'ono, anagogoda n'kuitana kuti, "Odi agogo, ndabwera ndi chakudya!" koma kunali zii. Anagogodanso. Anandifotokozera pambuyo pake kuti chimene chinamudetsa nkhawa si kusayankhako kokha, chifukwa okalamba ambiri samva msanga, koma anaona kuti makatani a chipinda chogona anali akadali otseka, nyali ya pakhonde inali ikuyakabe masanasana, ndipo wailesi imene amaimva nthawi zonse akamatsika m'galimoto sinkamveka. M'galimotomo munali zakudya za nyumba zina 11 zimene zinkamudikirira. Akanatha kusiya chakudya pakhonde monga anachitira mnyamata uja, ndipo palibe akanamuimba mlandu tsiku lomwelo. M'malo mwake anazungulira kuseri kwa nyumba, anaika khutu pawindo la kubafa n'kuitananso, ndipo anamva mawu otsika kwambiri akuti, "Mwana wanga, ndili pansi."

Anaimba ku ofesi, ndipo amene anayankha ndi mayi yemwe uja ndinkamusungira chakukhosi. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti anagwira ntchito yake bwino kuposa mmene ine ndikanachitira. Anatulutsa fomu yomwe ija ndinkati ndi yopanda ntchito, anapeza patsamba lomaliza dzina la oyandikana nawo nyumba amene amasunga kiyi wina, anawaimbira, anaitana ambulansi n'kuwauza zaka za amayi, matenda awo ndi mankhwala amene amamwa, kenaka anatumiza munthu wina kukatenga zakudya 11 zija kuti okalamba enawo asagone ndi njala chifukwa cha ngozi ya kwathu. Atatha zonsezi anandiimbira ine, ndipo mawu ake ndikuwakumbukirabe: "Bambo, amayi apezeka atagwa, koma akulankhula ndipo pali munthu pambali pawo. Ambulansi ili m'njira. Nyamukani, koma muyende bwinobwino." Anandiimbiranso kawiri ndili panjira kundiuza chipatala chimene apita nawo.

Chitseko chitatsegulidwa, mayi wodzipereka uja sanayese kuwadzutsa, ngakhale kuti oyandikana nawowo ankafuna kuwanyamula kuti awaike pabedi. Anati anaphunzitsidwa kuti munthu wokalamba amene wagwa ndipo akudandaula m'chiuno sanyamulidwa mpaka afike odziwa, chifukwa ngati fupa lathyoka kumusuntha kumawonjezera vuto. Anawafunditsa mabulangete, anakhala pansi pomwepo atawagwira dzanja labwinolo, ndipo ankawalankhulitsa mpaka ambulansi inafika. Amayi amati chimene amakumbukira kwambiri pa tsikulo si ululu ayi, koma kuti munthu anakhala nawo pansi pozizirapo osanyansidwa ndi mmene anawapezera, patapita maola asanu ndi atatu asanathe kufika kuchimbudzi.

Kuchipatala anapeza kuti chiuno sichinathyoke, koma anawagoneka masiku anayi akuwapatsa madzi a m'mabotolo. Dokotala anandifotokozera kuti kwa wokalamba choopsa si kugwa kokha koma kukhalitsa pansi, ndipo kuti ngakhale kupitirira ola limodzi amakuwerengera ngati vuto lapadera: thupi limazizira, madzi amatha m'thupi, khungu limayamba zilonda pamene lapanikizika, ndipo minofu yoponderezedwa nthawi yaitali imawonongeka n'kutulutsa zinthu zimene zimavulaza impso. Impso za amayi zinali zitayamba kale kuonetsa zizindikiro zimenezi. World Health Organization imati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 65 kapena kuposerapo amagwa chaka chilichonse, ndipo kuti kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo a zaka zoposa 60. Ndikanadikira mpaka madzulo monga ndinkaganizira, amayi akanakhala pansipo maola ena asanu ndi limodzi kapena kuposerapo.

Ndili m'chipatalamo ndinazindikira kuti ntchito imeneyi sindinaimvetse bwino kuyambira pachiyambi, chifukwa ndinkaiona ngati lesitilanti yotsika mtengo imene ikulephera kutsatira zimene kasitomala wanena. Ntchito zoperekera chakudya kwa okalamba m'nyumba zawo zinayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1940, pamene amayi a Women's Voluntary Service ankanyamulira chakudya anthu osatha kudziphikira m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo ku America zinayamba mumzinda wa Philadelphia mu 1954. M'madera ambiri kumene zakhazikika zimadalira anthu odzipereka, ndipo kuona nkhope ya wolandirayo n'kutsimikiza kuti ali bwino kumawerengedwa ngati gawo la ntchitoyo, mofanana ndi chakudya chenichenicho. Bungwe lathuli nalo lili ndi lamulo loti chakudya chisasiyidwe pakhomo munthu asanaoneke kapena kuyankha. N'chifukwa chake nkhani ya mnyamata uja tsopano imandikwiyitsa koposa kale, pakuti akanakhala iye pa Lachiwiri limenelo, chakudya chikanakhala pakhonde amayi ali pansi kuseri kwa chitseko. Lamulo labwino liyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wolowa m'malo mwa mnzake, ngakhale wa tsiku limodzi, ndipo a ku ofesi sanandiyankhebe momveka ngati zimenezi zakonzedwa.

Amayi atatuluka m'chipatala tinapitiriza ndi bungwelo, ndipo tsopano ndi dzanja lili m'pulasitala amalidalira kwambiri kuposa kale. Nthawi yofikira yakhala bwino, chakudya chikumabwera chotentha m'zikwama zosunga kutentha, ndipo ndiwo zimakhala zofewa mokwanira munthu wa mano ochepa. Zosiyidwa Lachisanu zimakhala ndi tsiku lolembedwa pachivundikiro, chimene chimathandiza chifukwa amayi amaiwala. Amene mukuganiza zolembetsa kholo lanu, lembani pafomupo munthu weniweni wapafupi amene ali ndi kiyi ndipo amayankha foni, ndiponso funsani tsiku loyamba lomwelo chimene amachita munthu akapanda kutsegula chitseko. Dziwaninso kuti Loweruka ndi Lamlungu sagogoda pakhomo, kotero masiku awiri amenewo ndi udindo wa banja. Ife tagwirizana ndi oyandikana nawo kuti azisuzumira m'mawa, tachotsa kapeti ija, taika nyali yoyaka usiku wonse m'njira yopita kubafa, ndipo amayi tsopano amavala foni m'kachikwama ka m'khosi.

Ndinapita ndekha ku ofesi kukathokoza mayi woyankha foni uja pamaso, ndipo ndinapepesa chifukwa cha mawu okalipa amene ndinalankhula pafoni ulendo wachitatu. Anandilandira bwino ndipo anandionetsa kukhitchini, kumene ndinaona anthu anayi okha akuphikira dera lonse, zimene zinandithandiza kumvetsa kumene kutopa kwa mawu ake kunkachokera, ngakhale sizinasinthe maganizo anga oti wodwala othamanga magazi sayenera kupatsidwa mchere wofanana ndi wa wina aliyense. Ndinawakumbutsanso za zimenezi, ndipo ndili pomwepo analemba dzina la amayi ndi cholembera chofiira pamndandanda wa kukhitchini, nandilonjeza kuti chakudya chawo chizipatulidwa mchere womaliza usanathiridwe ndiponso kuti m'malo mwa zotsekemera aziika chipatso. Mchere wachepadi, ndipo ndalawa ndekha kawiri. Zotsekemera zinasiya kwa masabata atatu, koma Lachisanu lapitali zinabweranso m'zakudya za kumapeto kwa sabata, amayi anadya monga mwa nthawi zonse, ndipo Lolemba m'mawa ndinaimbanso ku ofesi kukadandaula.