Ndemanga: masiku asanu pa hotela ina ya ku Kariakoo, Dar es Salaam

Amene mwakhala mukundifunsa kuti ndinagona kuti nditapita ku Dar es Salaam, nkhani yake ndi iyi. Dzina la hotelayo sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule, pomwe anyamata ogwira ntchito pamenepo sanandilakwire moti n'kuwayalutsa pagulu. Ndingoti ili mkati mwenimweni mwa Kariakoo, ulendo wa mphindi zisanu wapansi kuchoka pa msewu wa Msimbazi. Ndi nyumba yosanjikizana kasanu ndi kawiri, yowonda ngati bokosi la machesi loimika. Zoterezi ku Kariakoo zilipo mbwee.

Tinapita awiri, ine ndi alamu anga, mwezi wa February, kukapikula zitenje ndi nsapato. Iwo unali ulendo wachinayi, ine woyamba. Tinaoloka pa Songwe, tinagona ku Mbeya, m'mamawa n'kukwera basi. Za msewu sindichulutsa: Iringa, kutsetsereka kwa pa Kitonga komwe ndinatseka maso n'kuyamba kupemphera, kenako Mikumi, pomwe msewu umadutsa mkati mwa nkhalango ya nyama ndipo tinaona mbidzi ndi akadyansonga tili m'basi momwemo, osalipira kalikonse. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mabasi ochokera kutali masiku ano amathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, kunja kwa mzinda. Mukatsika musaganize kuti mwafika. Ife tinafika pa hotela usiku kwambiri, miyendo itatupa.

Chipinda cha anthu awiri tinkalipira mashilingi 45,000 usiku umodzi, chokhala ndi makina oziziritsa. Zilipo zotsikirako mtengo za fani yokha, ndipo ine ndinkafuna zimenezo kuti tisungeko kangachepe. Alamu anandiyang'ana n'kuti, "Mlamu, ndalama imeneyo mukailipira ndi tulo." Anali kunena zoona. Ine kwathu n'ku Salima, ndinkati kutentha ndimakudziwa. Koma kutentha kwa ku Dar n'kwina, n'konyowa. Umasamba, kupukuta thupi, usanamalize kuvala thukuta layambanso kutsika kumsana. Pamakina oziziritsa musanyinyirike, lipirani.

Ndikalowa m'chipinda chachilendo ndimayamba ndatukula matiresi n'kuunika m'misoko ndi tochi ya foni. Nsikidzi sindinapeze, masiku onse asanu sindinalumidwe. Zofunda zinali zoyera, ankasintha pakapita masiku awiri aliwonse osachita kuwakumbutsa. Masoketi ndi ofanana ndi akwathu, a mabowo atatu, choncho tchaja yanu ingolowa. Kubafa ndiye kunali kwina. Shawa anaiika pafupifupi pamwamba pa chimbudzi, moti munthu mmodzi akasamba chilichonse chimanyowa, ndi pepala lomwe. Madzi ake anali ndi kamchere, sopo sankachita thovu bwino, ndipo tsitsi langa linauma ngati chisa cha mpheta. Akumwa muzigula a m'botolo.

Anatipatsa chipinda cha pa nsanja yachisanu. Chikepe chilipo, koma magetsi akazima jenereta yawo imangokwanitsa mababu ndi mafani. Zinachitika kawiri, ndipo kachiwiriko ndinali ndi chikwama cha nsapato pamutu. Masitepe ake ndi opanikiza, mukakumana awiri wina amayenera kutsamira khoma. Ndili pa masitepe pomwepo ndinakumbukira nyumba yosanja imene inagwa ku Kariakoo komweko mu November 2024 n'kupha anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda maso ali pa makoma kufuna ming'alu. Sindinaione. Koma njira yotulukira ndi imodzi yokha, ndipo zimenezo sizinandikhale bwino.

Phokoso lilipo, ndisakunamizeni. Kusanache mizikiti imayamba kuitanira mapemphero, wina kuno wina uko. Kukangoyera, anyamata okankha ngolo za katundu amayamba kukuwa kuti awapatukire, ndipo timazikuzamawu ta m'mashopu timabwereza mtengo umodzimodzi tsiku lonse osatopa. Usiku wina timu ya mpira ya Simba inapambana, ndipo poti likulu lake lili pa Msimbazi pomwepo, mahutala a njinga zamoto analira mpaka pakati pa usiku. Wofuna kupumula asabwere kuno. Apite kunyanja.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti ndidzabwereranso? Ndi chifukwa cha kachipinda kamodzi kopanda zenera kamene kali pansi, kuseri kwa kauntala. Mmenemo amasungiramo katundu wa alendo, ndipo salipiritsa. Ukabwera ndi belo, mnyamata wa pakauntala amalemba dzina lako ndi nambala ya chipinda pa thumba ndi cholembera chakuda, n'kulembanso m'kabuku, iwe n'kusaina. Munali mabelo a anthu a ku Zambia, a ku Congo, ena a ku Mzuzu, ataunjikana mpaka kudenga, koma palibe tsiku limene ndinamva wina akuti chake chasowa. Amene munapikulapo katundu kunja mukudziwa tanthauzo lake. Ku Kariakoo sugula malo amodzi. Zitenje umakazipeza cha ku msewu wa Uhuru, zovala ku msewu wa Congo, mafoni ku Aggrey, ndipo m'tinjira timeneti anthu amachita kukhulana mapewa. Kuyenda ndi katundu komanso ndalama nthawi imodzi n'kudziitanira mavuto, makamaka poti pepala lawo lalikulu ndi la 10,000 basi, ndiye mpamba wonse umakhala chimtolo chotupa m'chiuno. Ine ndinkagula, kuthamangira ku hotela kukatula, kumwa madzi, n'kubwereranso. Patsiku kanayi kapena kasanu. Hotela yokongola ya kutali ikanandidyera ndalama za mabajaji, tinjinga tamoto ta mawilo atatu tonyamula anthu, ndi theka la tsiku pamsewu.

Mnyamata yemweyo ndi amene anatipezera munthu wosoka mabelo ndi singano yaikulu ija, komanso anatilozera kumene amatumizira katundu wopita kumalire. Chingerezi chake n'chochepa, Chiswahili changa n'chocheperapo, koma tinkamvana. Nyama ndi nyama, nyumba ndi nyumba, moto ndi moto. Anandiphunzitsanso kuti pogula chinthu usamati ndipatseni, uziti naomba, ngati ukupempha, ngakhale ndalama ndi yako. Ndinayesa, ndipo nkhope za ogulitsa zinkasinthadi.

Kadzutsa wa pa hotela ndi wongokwaniritsa lamulo: dzira limodzi lowiritsa, magawo awiri a buledi, ndi tiyi wofunda. Tsiku lachiwiri tinamusiya. Pangodya pali amayi ophika chakudya, kumeneko amawatcha mama ntilie, ndipo m'mawa amagulitsa supu ya ng'ombe yotentha ndi chapati, ndimu ndi tsabola pambali. Poyamba ndinaseka kuti msuzi wa nyama m'mawa ngati munthu wodwala, koma ukamwa umenewo sumva njala mpaka 2 koloko. Masana ndinkadya mpunga wa nyemba zophikira kokonati. Nyemba zimenezo ndayesa kuphika kunyumba kawiri, sizikufikapo. Pilau wawo, mpunga wophikira zokometsera, ndi wonunkhira kwambiri, ine ndinamukonda, alamu ankati akumva ngati akudya mankhwala.

Nsima yawo, ugali, ndiyo sindinagwirizane nayo. Ndi yolimba, ndipo saomola mitanda ndi chipande ngati ife, imabwera chibulumwa chimodzi pambale. Mmene ndinkafika tsiku lachinayi n'kuti ndikulota nsima yofewa ya ufa woyera ndi usipa. Koma pa tchipisi anatiposa, ndivomere. Amathira mazira pa tchipisi mu kapani n'kukazinga pamodzi mpaka zigwirane ngati chikondamoyo, pamwamba n'kuika kachumbari (tomato ndi anyezi zosaphika), pambali nyama yootcha pa timitengo imene amati mishkaki. Dzina lake chipsi mayai, ena amangoti zege. Anyamata athu a pachiwaya ataphunzira zimenezi akhoza kulemera.

Mzinda weniweniwo ndinauona pang'ono. Lamlungu mashopu ambiri anali otseka, ndiye tinakwera basi ya mwendokasi pa msewu wa Morogoro kupita ku Kivukoni. Mabasi amenewa anayamba mu 2016 ndipo ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, galimoto zina zili ndii pamzere iwo akungodutsa, ngakhale nthawi yoweruka anthu amapanikizana koopsa. Ku Kivukoni kuli msika wa nsomba, ndipo ukagula amakukazingira pomwepo. Ndinaona zamoyo za m'nyanja yamchere zimene sindikanayerekeza kuika mkamwa, zina za miyendo isanu ndi itatu. Ndinadya nsomba wamba, yokoma, koma chambo ndi chambo. Tinakweranso pantoni, chombo choolotsa anthu ndi galimoto, kuolokera ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zochepa, pongofuna kuona sitima zikuluzikulu zikulowa padoko pomwe pamatsikira galimoto zambiri zimene timaziona m'misewu ya kwathu. Bambo wina pa pantonipo ndi amene anandiuza kuti dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndinaseka ndekha, poti mpaka lero aliyense kumeneko ali ndi katundu pamutu.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Alamu anatsogola ndi katundu tsiku lachinayi, ine ndinatsala kudikira oda ina ya nsapato. Usiku womaliza ndinafunsa pakauntala nthawi yotulukira m'chipinda. Mtsikana amene anali pa ntchito anati saa nne. Nne ndimadziwa kuti ndi zinayi, ndiye ndinati bwino, 4 koloko madzulo, ndili ndi tsiku lonse. Ndinapita kumsika, n'kubwerera cha m'ma 3 koloko, ndipo ndinapeza andilembera kale usiku wina. Kodi! Kumeneko maola amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa ndiye saa moja, 8 koloko saa mbili, choncho saa nne ndi 10 koloko m'mawa. Onjezerani apo kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kwathu. Ndinaimbira alamu. "Alamu, bwanji simunandiuze?" Iwo kuseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, ndimayesa mukudziwa, pepani."

Kulakwa kwina n'kwanga, koma hotela imene theka la alendo ake ndi ochokera maiko ena ikanangolemba 10:00 pa kapepala n'kumata kuchitseko. Ndinakambirana ndi bwana wake kwa nthawi ndithu, mwaulemu, naomba zili pakamwa, mpaka anavomera kuti ndilipire theka. Mashilingi 22,500 anapita choncho, ndalama ya zitenje zingapo. Mukamagula tikiti ya basi yobwerera musamalenso chimodzimodzi. Akakuuzani saa kumi na mbili asubuhi, imeneyo ndi 6 koloko m'mawa. Apempheni akulembereni manambala.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu. Ikanakhala ya zinayi pakanapanda chikepe ndi bafa lija. Mwezi wa June ndikupitanso, ndipo ndawatumizira kale uthenga pa WhatsApp kuti andisungire chipinda cha pa nsanja yachiwiri, chakumbuyo, kutali ndi msewu.