Boti lokaona mvuu pa Cahora Bassa, ndalama zake n'zoyenera?

Amene mukufuna kukwera maboti oonetsa nyama pa Cahora Bassa, nyanja ya damu la pa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, kufupi ndi tauni ya Songo m'chigawo cha Tete, ine ndikuti pitani koma mtengo mukambirane musanakwere chifukwa ma meticais ake (ndalama za ku Mozambique) ndi owawa ndithu, komanso majekete oyandamitsa anali ochepa ena tinangokhala choncho.

Koma mkulu woyendetsa botiyo eee zinthu amazidziwa. Tafika pagulu la mvuu, imodzi n'kuyasamula kukamwa konseko, ife kumaseka kuti ili ndi tulo, iwo akuti ayi kumeneko n'kuopseza, ikunena kuti talowa m'dera lake, pompo n'kubweza boti. Akuti masana zimabisala m'madzi poti khungu lake silipirira dzuwa, usiku zimakadya udzu kumtunda ndiye ndowe zake zikagwera m'madzi zimakhala ngati feteleza, ndere zimachuluka, tizilombo tating'ono timadya nderezo, kapenta n'kudya tizilomboto, naye kapenta n'kudyedwa ndi mcheni, unyolo wake umenewo. Ng'ona ili pamchenga kukamwa yasaa ija akuti ikungoziziritsa thupi basi.

Za kapenta ndiye zinandidabwitsa, kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anakamuthira m'nyanja ya Kariba, kumtunda kwa Zambezi, m'ma 1960 kenako anatsika yekha ndi Zambezi kudzakhazikika muno damu litatsekedwa mu 1974. Asodzi amamukopa ndi magetsi usiku.

Munyamuke m'mamawa abale, dzuwa la ku Tete mukulidziwa, ndipo madzi akumwa mutenge anu m'botimo mulibe.