Michael Howard Awiri: Katswiri wa Mbiri ndi Wandale

Wofufuza dzina la Michael Howard amapeza anthu awiri a ku Britain, ndipo ophunzira ambiri amawasokoneza.

Woyamba anabadwa mu 1922 ndipo anamwalira mu 2019. Anamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Italy, kenako anayambitsa dipatimenti yophunzitsa za nkhondo ku King's College London asanakhale pulofesa wa mbiri ku Oxford. Buku lake la mu 1961 lonena za nkhondo ya France ndi Prussia (ufumu wakale wa ku Germany) likuwerengedwabe, ndipo kwa ine ntchito yake ndi yozama kwambiri, chifukwa analemba za nkhondo ataiona ndi maso ake.

Wachiwiri anabadwira ku Wales mu 1941, ndi loya, ndipo anaimira dera la Folkestone and Hythe ku nyumba ya malamulo kuyambira 1983 mpaka 2010. Anali nduna ya za m'dziko kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo anatsogolera chipani cha Conservative pa chisankho cha 2005, chimene anagonja kwa Tony Blair.

Wofuna kumvetsa zoyambitsa nkhondo awerenge mabuku a woyambayo. Wofufuza za ndende, apolisi ndi ndale za chipanicho atsate wachiwiriyo.