Gmail, Outlook ndi Proton Mail: ndi iti imene imatchinga bwino makalata osafunika ndi achinyengo?

Ambiri a ife sitinachite kusankha adiresi ya imelo imene tili nayo. Tinagula foni ya Android, foniyo inafuna akaunti ya Google, ndipo wogulitsa kapena mwana wa pakhomo anatitsegulira Gmail mwachangu kuti tithe kuika WhatsApp. Adiresi yomweyo ndi imene pambuyo pake tinailemba pa kalata yofunsira ntchito, tinaipereka ku banki, tinatsegulira Facebook, ndiponso tinaisiya pa tsamba lililonse limene linatilonjeza mwayi wa maphunziro kunja. Zaka zikamapita, bokosi la makalata limadzaza ndi zinyalala, ndipo pakati pa zinyalalazo pamabisala makalata a anthu ofuna kutibera. Pano ndikuyerekeza malo atatu amene amapereka imelo yaulere, omwe ndi Gmail ya Google, Outlook ya Microsoft ndi Proton Mail ya ku Switzerland. Makalata ovuta ali mitundu iwiri: otsatsa malonda, amene amangotopetsa ndi kudya bandulo, ndi achinyengo, amene amafuna pasiwedi kapena ndalama zanu. Kampani imene imatha bwino mtundu woyamba siitetezanso munthu mokwanira ku mtundu wachiwiri, choncho ndiyeza zonse ziwiri.

Pa ntchito yosefa zinyalala, Gmail ndimaiika patsogolo. Inayamba mu 2004, ndipo lero imagwiritsidwa ntchito ndi anthu oposa 1 biliyoni, kuchuluka kumene ndiko gwero la mphamvu zake. Munthu aliyense akadina Report spam, kutanthauza kudandaula kuti kalata ndi yosafunika, amakhala akuphunzitsa sefa, moti kalata yoipa ikadandaulidwa ndi anthu oyamba kuilandira, kwa enafe imafika itaponyedwa kale m'foda ya spam. Mu October 2023, Google inanena kuti imatchinga makalata oipa oposa 99.9 peresenti, omwe ndi pafupifupi 15 biliyoni pa tsiku. Kuyambira mu 2024, aliyense wotumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku ku maadiresi a Gmail ayenera kutsimikizira kuti makalatawo achokeradi kwa iye, ayenera kuika njira yoti munthu adzichotse pa mndandanda podina kamodzi kokha, ndipo ayenera kumvera pempholo pasanathe masiku awiri.

Outlook ndi yakale kuposa Gmail, chifukwa inayamba ndi dzina la Hotmail mu 1996, ndipo Microsoft inaigula mu 1997. Maadiresi a Hotmail akugwirabe ntchito, koma adiresi imene yakhala zaka zoposa 20 ikulembedwa paliponse imakhala italowa kale m'mindandanda yambiri imene otumiza spam amagulitsana. Mu February 2023 sefa ya Outlook inasokonekera kwa maola angapo, ndipo anthu ambiri anadzuka mabokosi awo atasefukira ndi spam, zimene zinaonetsa poyera kuchuluka kwa zinyalala zimene sefayo imatchinga masiku onse. Mu May 2025 Microsoft nayonso inayamba kufuna kuti otumiza makalata ochuluka azitsimikizira komwe makalatawo achokera. Chimene ndimaiyamikira Outlook ndi chakuti mungailamule kuti m'bokosi muzilowa makalata ochokera kwa anthu okhawo amene munawalemba kuti mumawadalira, ena onse azipita ku foda ya Junk. Njira imeneyi ndi yabwino kwambiri kwa kholo lokalamba limene limangoyembekezera makalata a ana ake ndi a banki. Kwa munthu wofuna ntchito kapena wamalonda, amene amayembekezera makalata ochokera kwa alendo, ingamutayitse mwayi.

Proton Mail inayambitsidwa mu 2014 ndi asayansi amene anakumana ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo imadziwika ndi kubisa zolembedwa m'makalata kuti ngakhale kampaniyo isathe kuwerenga zimene mwasunga. Anthu ena amaganiza kuti kubisaku kumatchinganso akathyali, koma zimenezi sizoona, chifukwa wakuba amene ali ndi adiresi yanu angakulembereni monga mwa nthawi zonse. Sefa ya Proton ilipo ndipo imagwira ntchito, kungoti imaphunzira kwa anthu ochepa poyerekeza ndi a Gmail. Pamene Proton imaposa anzake ndi pa tizithunzi tosaoneka timene otsatsa malonda amabisa m'kalata kuti adziwe ngati mwaitsegula. Proton imatchinga tizithunzi timeneti popanda inu kusintha chilichonse, pomwe ku Gmail, kuti wotumiza asadziwe kuti mwatsegula kalata yake, muyenera kuletsa nokha zithunzi kutseguka zokha.

Malo onse atatuwa ali ndi njira za Unsubscribe, Block ndi Report, ndipo zitatuzi sizofanana. Unsubscribe ndi ya makalata a sitolo kapena bungwe limene mumalidziwa, pamene kudina linki yodzichotsera m'kalata ya munthu wosadziwika kumangomuuza kuti adiresiyo ili ndi mwini wake amene amawerenga. Block imathandiza pang'ono chabe, popeza otumiza spam amasintha maadiresi tsiku ndi tsiku. Pa kalata yokayikitsa, yoyenera ndi Report.

Kusiyana kwakukulu, kumene ine ndimakuona kukhala kofunika kuposa sefa, kuli pa njira zobisira adiresi yanu yeniyeni, chifukwa spam yambiri imayamba pamene adiresi imodzi yaperekedwa kwa aliyense. Gmail imalola kuti muwonjezere chizindikiro cha + ndi liwu lina lililonse pambuyo pa dzina lanu, monga liwu loti ntchito kapena sitolo, ndipo makalata amafikabe m'bokosi lomwelo. Njira imeneyi imakuthandizani kudziwa amene anagulitsa kapena kutayitsa adiresi yanu, komanso kusanja makalata. Kufooka kwake n'kwakuti adiresi yeniyeni imaonekeratu, moti aliyense angathe kungochotsa liwu lowonjezeralo, ndipo masamba ena amakana adiresi yokhala ndi chizindikiro chimenechi.

Outlook imapita patsogolo pang'ono. Imalola maadiresi owonjezera okwana 10 pa akaunti imodzi, onse olandirira m'bokosi limodzi, ndipo mungasankhe kuti ndi adiresi iti imene ingagwiritsidwe ntchito polowa mu akauntiyo. Izi zikutanthauza kuti mungapange adiresi yatsopano imene simudzauza munthu aliyense, n'kuisandutsa yaikulu, kenako n'kuletsa kulowera pa adiresi yakale ija. Makalata amapitiriza kufika pa yakaleyo, koma wakuba amene akuyesa mapasiwedi pa adiresi imeneyo amangogogoda pa khoma lopanda khomo. Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Potumiza kalata onetsetsani kuti ikutuluka pa adiresi yakale, kuopera kuulula yobisikayo, ndipo musafufute adiresi yakale mwaphuma, chifukwa adiresi ya Outlook kapena ya Hotmail ikachotsedwa siibwezedwanso.

Proton ndi imene yaifikitsa patali nkhaniyi, makamaka kuyambira mu 2022 pamene inagula SimpleLogin, kampani yopanga maadiresi obisalira. Kudzera mu Proton Pass, pulogalamu yake yosungira mapasiwedi, ngakhale osalipira amapatsidwa maadiresi obisalira okwana 10, amene satchula dzina lanu n'komwe koma amapititsa makalata ku bokosi lanu lenileni. Tsamba lina likayamba kukutumizirani zinyalala, mumangozimitsa adiresi imene munalipatsa, ndipo ena onse amene mumalemberana nawo sakhudzidwa. Mtengo wake uli pa malo osungira: akaunti yaulere ya Proton Mail siipitirira 1 GB, pomwe Outlook imapereka 15 GB ya makalata, ndipo Gmail imapereka 15 GB imene amagawana ndi Google Drive ndi Google Photos. Komanso mukaiwala pasiwedi ya Proton musanasunge mawu obwezeretsera akaunti, makalata akale simungawawerengenso. Kwa munthu amene pasiwedi yake anamulembera ndi wina, ngozi imeneyi ndi yeniyeni.

Tsopano tifike pa makalata achinyengo. Aja akale, olonjeza chuma cha munthu wolemera amene anamwalira wopanda wolowa m'malo, omwe amatchedwa 419 potengera gawo la malamulo a dziko la Nigeria, masefa onse atatu amawagwira mosavuta. Oopsa ndi amene alembedwa mwaluso kwa munthu mmodzi. Pakati pa 2013 ndi 2015, Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania anabera Google ndi Facebook ndalama zoposa madola 100 miliyoni potumiza makalata olipiritsa onamizira kuti achokera ku Quanta Computer, kampani ya ku Taiwan imene makampani awiriwa ankachita nayo malonda. Mu 2019 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 5. Ngati kampani imene ili ndi sefa yamphamvu chotere inapusitsidwa, palibe imelo imene ingalonjeze kuti kalata yotere siidzafika kwa inu. Kuno kwathu chinyengo chimenechi chimavala nkhope ya ntchito kapena sukulu: mwasankhidwa, koma tumizani kaye ndalama ya fomu kapena ya viza pa foni lero lomwe. Munthu amene wakhala zaka akufunsira ntchito osayankhidwa savuta kumukola ndi mawu otere, ndipo zimandipweteka kuti ndalama imene amabedwayo nthawi zambiri imakhala yangongole.

Pothandiza munthu kuzindikira kalata yotere, Gmail ndi Outlook amaika chizindikiro cha funso pambali pa dzina la wotumiza pamene alephera kutsimikizira komwe kalata yachokera, ndipo Gmail imaonetsa chenjezo lofiira pa kalata imene ikuoneka yoopsa. Proton imaonetsa linki yonse ndi kukufunsani ngati mukufunadi kupitako musanatsegule, chinthu chothandiza kwambiri pa foni, pamene linki imabisika kuseri kwa mawu. Koma wakuba amene watsegula akaunti yake ya Gmail kapena ya Outlook n'kulembapo dzina la banki amadutsa mayeso onse otsimikizira, chifukwa kalatayo yachokeradi ku akaunti imeneyo. Dzina looneka pamwamba aliyense angalembe limene akufuna, choncho dinani pa dzinalo kuti muone adiresi yonse. Popeza mabizinesi ang'onoang'ono ambiri kwathu kuno amagwiritsanso ntchito maadiresi aulere, adiresi payokha siingathetse chikayiko. Kalata ikanena za kutumiza ndalama, kusintha nambala ya akaunti yolipirirako, kapena kulemba pasiwedi, imbirani mwini wake pa nambala imene mukuidziwa kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo.

Pa kukhoma akaunti, onse atatu amalola kuwonjezera chitetezo chachiwiri pamwamba pa pasiwedi. Google ndi Microsoft amalolanso kulowa ndi passkey, imene imatsegulidwa ndi chala kapena nkhope yanu pa foni ndipo siigwira ntchito pa tsamba lonamizira. Proton siitumiza nambala zolowera pa SMS, imafuna pulogalamu yopangira nambalazo kapena kiyi yapadera, ndipo m'madera amene kubera anthu manambala a foni kumachitika ndimaona kuti inasankha bwino.

Kwa munthu amene ali kale ndi Gmail, sindikuona chifukwa chosamukira. Aisunge kuti ikhale ya banki, ntchito ndi achibale, ndipo pa masamba a malonda, mipikisano ndi zolembetsa azipereka maadiresi obisalira a Proton Pass, amene angathe kupititsa makalata ku Gmail komweko. Amene ali ndi Hotmail yakale imene anthu amayesa kuilowera, asinthe adiresi yolowera monga ndafotokozera, ndipo kwa makolo okalamba Outlook yolandira makalata a anthu odalirika okha ndi imene ndingasankhe. Proton Mail yonse ndi ya munthu amene makalata ake ndi achinsinsi ndipo amatha kusunga mawu obwezeretsera akaunti. Mulimonse mmene mungasankhire, muzitsegula foda ya spam kamodzi pa mlungu, chifukwa sefa imalakwitsa n'kuponyamo ngakhale kalata yoitanira ku mayeso a ntchito, ndipo Gmail imafufuta kalata iliyonse ya m'menemo ikatha masiku 30, pomwe Outlook nayonso imafufuta yokha pakapita nthawi.